Akadaulo owerenga dziko pa mapu a pa kompyuta

Mukatuluka mu Lusaka pa msewu wa Great East, n'kudutsa Chongwe kulowera ku Chinyunyu, m'dziko la Asoli a mfumu Bundabunda, maso amatopa ndi matumba a makala. Ena aimikidwa m'mbali mwa msewu, ena ali pa njinga ndi pa malole, ulendo wa ku tauni. Woyenda pansi amaona matumba okha. Pali anthu ena amene ntchito yawo ndi kuwerenga kuti nkhalango yotulutsa makalawo yatsala bwanji.

Amenewa ndi aphunzitsi ndi ofufuza a GIS, luso losanjikiza mapu pa kompyuta: la mitsinje pansi, la midzi pamwamba pake, kenako la misewu, minda ndi mitengo, mpaka zimene sizinkaoneka kuti n'zogwirizana zitaonekera. Ku University of Zambia lusoli limaphunzitsidwa kwa ochita za jogalafe ndi chilengedwe komanso kwa oyeza malo. Wofuna kukhala mphunzitsi wa pa yunivesite sathera pa digiri yoyamba. Amawonjezera yachiwiri ndi ya udokotala, ena mpaka kusukulu ya ITC, mumzinda wa Enschede ku Netherlands, n'kubwera kudzaphunzitsa ndi kulemba zofufuza, poti kukwezedwa kumadalira zolembazo.

Zipangizo zinapepuka. Masetilaiti a Landsat akhala akujambula dziko kuyambira 1972, ndipo kuchokera mu 2008 zithunzi zake n'zaulere, monganso pulogalamu ya QGIS. Wophunzira wokhala ndi laputopu angathe kuyerekeza miombo ya kwa Bundabunda ya mu 1990 ndi ya lero ali m'chipinda chake.

Koma apa mpamene ndimasiyanitsira mmisiri ndi wongodziwa kudina. Kadontho kamodzi pa chithunzi cha Landsat ndi malo a mamita 30 m'litali ndi m'lifupi. Wootcha makala amasankha mitengo ikuluikulu n'kusiya timitengo, choncho kumwambako malo amaonekabe obiriwira pomwe nkhalango yaweyeka. Setilaiti siuzanso munthu kuti munda uwu ndi wa banja liti, kapena kuti pamsitu paja ndi pamanda. Wofufuza weniweni amatenga GPS, kukayamba wagwada kwa mfumu, n'kuyenda ndi anyakwawa m'malire mpaka nsapato kutha.

Nkhani ya malo ndiyo yowawa. Lamulo la malo la mu 1995 limalola kusandutsa malo a mafumu kukhala a lizi mfumu ikavomera, ndipo Lusaka akukula chakum'mawa. Mzere wolakwika pa mapu ungachotse banja pamunda wa makolo ake.

M'tauni ofufuza omwewa amalemba mapu a madera osefukira madzi ngati Kanyama, kumene zitsime zosaya zimayandikana ndi zimbudzi ndipo kolera inavuta mu 2017 ndi 2018. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri, mbaula za makala n'kumayaka nyumba ndi nyumba. Mapu a mzinda ndi a kwa Bundabunda ndi amodzi basi.

Chimandipweteka n'chakuti mapu ambiri otere amathera m'magazini a zofufuza, m'Chingerezi. Ndikanakonda wofufuza aliyense atasindikiza lake papepala lalikulu, n'kukaliyala pabwalo la mudzi umene anayendamo, akufotokoza m'Chisoli kapena m'Chinyanja, eni nthaka n'kumaloza ndi chala pamene walakwitsa.