Chidindo cha pa Kalata ndi Mbiri ya Sitima ya Liemba

Lero tikambirana za kanthu kamene ambiri sitikasamala, ndiko chidindo chakuda chimene a positi amamenya pamwamba pa sitampa. Ntchito yake yoyamba ndiyo kuletsa kuti sitampayo isatumizenso kalata ina. Ntchito yachiwiri ndiyo kutchula malo ndi tsiku limene kalatayo inalowa m'positi. Motero chidindo ndi mboni. Munthu amaiwala, koma chidindo sichisintha mawu ake.

M'maiko ambiri muli anthu amene amasonkhanitsa zidindo za m'sitima zankhondo za pamadzi. Sitima zotere zinkakhala ndi positi yakeyake, popeza asilikali ake ankatha miyezi yambiri ali kutali ndi kwawo. Sitima za Ajeremani zinkadinda nambala m'malo mwa dzina, ndipo wodziwa nambalayo amadziwa sitima imene kalata inachokera. Akandanda makalata angapo motsata masiku ake, amatha kulondola ulendo wa sitimayo monga mlenje alondola mapazi a nyama.

Mwina mufunsa kuti, "Nanga ife a m'Zambia, dziko lopanda nyanja ya mchere, zitikhudza bwanji?" Yang'anani pa mapu, kumpoto, pa nyanja ya Tanganyika. Pamenepo pali doko lathu la Mpulungu. Kwa zaka zambiri padokoli pankakocheza sitima yotchedwa Liemba, imene poyamba inali yankhondo.

Sitimayi inapangidwa mu 1913 ku Papenburg m'dziko la Germany. Anaiphwasula, naika zitsulo zake m'mabokosi pafupifupi 5,000. Mabokosiwo anayenda panyanja mpaka ku Dar es Salaam, kenaka pa njanji mpaka ku Kigoma, kumene amisiri anailumikizanso. Inalowa m'madzi mu February 1915, Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse itayamba kale. Anaitcha Graf von Götzen, dzina la bwanamkubwa wakale wa dziko limene Ajeremani ankalamulira kumeneko.

Mu July chaka chomwecho, Angerezi anaononga sitima ina yankhondo ya Ajeremani, Königsberg, mu mtsinje wa Rufiji. Ajeremani anachotsamo mizinga, ndipo umodzi anakauika pa Graf von Götzen. Anachotsamonso masitampa a m'positi yake, nawagwiritsa ntchito pamtunda, pakuti nkhondo inatseka njira zobweretsera ena. Mapepala okhala ndi masitampa amenewa ndi osowa, ndipo osonkhanitsa amawafuna kwambiri.

Mu July 1916, asilikali a Belgium atayandikira Kigoma, Ajeremani anamiza okha sitima yawo kuti isagwe m'manja mwa adani. Koma asanaimize, amisiri aja anapaka girizi wambiri pa injini zake. Girizi ameneyo ndiye anaipulumutsa ku dzimbiri. Angerezi anaivuula mu 1924, naikonza, ndipo mu 1927 inayambanso kuyenda ndi dzina latsopano la Liemba. Kuyambira pamenepo inkanyamula anthu, katundu ndi makalata pakati pa Kigoma ndi Mpulungu. Mu 1997 inathandiza kubweza kwawo ku Congo anthu zikwi zambiri amene anathawa nkhondo.

Mu Africa, nkhondo ija inathera m'dziko lathu lino. Mkulu wa asilikali a Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anagonja pa 25 November 1918 ku Abercorn, pafupi ndi Mpulungu. Lero malowo ndi Mbala, monganso Fort Jameson ndi Chipata ndipo Broken Hill ndi Kabwe. Onani tsono: sitima inasintha dzina, matauni anasintha maina, koma envulopu yodindidwa "Abercorn" kapena "Fort Jameson" isungabe dzina ndi tsiku la nthawi yake.

Mboni zotere zilipo ngakhale m'midzi mwathu. Makolo athu ambiri anapita kukagwira ntchito ku migodi, ku Wankie ndi ku Salisbury, ena anapita ku usilikali, ndipo ankalemba makalata kumudzi. Masiku ano anthu amatumizirana uthenga pa foni, ndipo makalata achepa. Amene atsala m'masutikesi a agogo akudyedwa ndi chiswe, ena ayatsira moto. Envulopu ikapsa, palibe amene angaidindenso.

Tsono, ana inu, chitani izi. Pemphani agogo mwaulemu kuti akuonetseni maenvulopu akale. Za m'kati mwa kalata ndi zawo, musawerenge asanakuloleni. Musang'ambe sitampa, chifukwa mukatero mwadula chidindo pakati. Sungani envulopu yonse pamalo ouma, pakati pa mapepala a buku. M'kabuku kanu lembani malo, tsiku ndi chaka zimene zili pa chidindo, ndiponso zimene agogo akuuzani za mwini kalatayo.

Inu aphunzitsi, thandizani ana kupeza pa mapu Dar es Salaam, Kigoma, Mpulungu ndi Mbala. Kenaka awerengere zaka zimene zinapita kuchokera pamene Ajeremani anamiza sitima ija mpaka pamene Angerezi anaivuula. Mwana aliyense amene wapeza envulopu aionetse kwa anzake, atchule kumene inachokera, ndipo aibweze kwa mwini wake. Tsalani bwino.