Musanakumbe maziko ku Salima, yambani mwafunsa levulo

M'miyezi ya April ndi May chaka cha 2024, madzi a m'nyanja ya Malawi adakwera kupitirira mamita 476, kuwerengera kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanja zikuluzikulu zamchere. Ku Senga Bay, monganso ku Mangochi ndi ku Nkhotakota, mchenga umene alendo amaotherapo dzuwa udamira. Madzi adalowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu, eni ake n'kumaunjika matumba a mchenga kuti atchinge mafunde. Nyumba zina zidapulumuka, zina ayi. Chimene chidazisiyanitsa kawirikawiri sichidali kuchuluka kwa simenti kapena kukongola kwa malata, koma msinkhu wa pamene silabu idakhala.

Msinkhu umenewu suoneka ndi maso. Gombe la Salima ndi chigwa chotakasuka, ndipo munthu akaima pa puloti ku Senga Bay kapena ku Chipoka amaona ngati pansi ponse m'pofanana. Komatu pakati pa ngodya ziwiri za puloti imodzi pakhoza kukhala kusiyana kwa theka la mita. Diso silingakuuzeni zimenezo. Madzi ndiwo amadzakuuzani, nyumba itatha kale.

Nyanjayi ili ndi chizolowezi chake. Imafika pachimake mvula ikangotha, cha mu April kapena May, n'kumaphwera pang'onopang'ono mpaka cha mu November kapena December, ndipo pachaka imasintha ndi pafupifupi mita imodzi. Vuto n'lakuti ambiri timagula malo ndi kumanga m'chilimwe, madzi ali kutali, gombe likuoneka lalikulu. Palinso kusintha kwa zaka zambiri. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja idatsika kwambiri moti mtsinje wa Shire udaleka kutulutsa madzi ake. Mu 1980 idakwera mpaka cha pa mamita 477. Ngakhale pali Kamuzu Barrage ku Liwonde, imene idamangidwa mu 1965 kuti iziwongolera madzi otsikira mu Shire, mvula ikachuluka kumpoto ndi ku Tanzania nyanja imabwerera m'malo ake akale. N'chifukwa chake bungwe la National Water Resources Authority lakhala likukumbutsa anthu kuti pansi pa mzere wa mamita 477 si pomanga.

Koma mzere umenewo palibe adaujambula pamchenga. Pafunika munthu wodziwa kuupeza, ndipo apa ndi pamene luso loyeza malo lasiyira kukhala nkhani ya m'kalasi.

Amisiri omanga nyumba ambiri kuno adayamba ngati othandizira: kuponda matope, kutunga madzi, kuponyera njerwa. Adaphunzira poonerera, ndipo ena mwa iwo khoma lawo limaima chilili, losiririka. Chimene ambiri sadapatsidwe mpata wochigwira ndicho kuseta nyumba, chifukwa tsiku limenelo folomani amagwira yekha tepi, anyamata n'kumangokhoma zikhomo pamene alozeredwa. Njira ina ndi ya sukulu. Salima Technical College ili ku Senga Bay komweko, ndipo ndi imodzi mwa makoleji a boma ophunzitsa ntchito zamanja, kuphatikizapo zomangamanga. Maphunziro oterewa amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999. Bungweli lilinso ndi ndondomeko yoyesa ndi kupereka satifiketi kwa amisiri amene adaphunzirira ntchito pamalo pomanga, osapondako m'kalasi.

Kaya ndi kusukulu kaya ndi pa saiti, phunziro loyamba silifuna makina okwera mtengo. Limafuna paipi ya pulasitiki yoonekera mkati, yotalika mamita 10 kapena 15, yothiramo madzi. Madzi a m'paipi imodzi amaima pamsinkhu wofanana mbali zonse ziwiri, ngakhale paipiyo itakhotakhota kapena kuzungulira chulu. Mmodzi amagwira mbali ina pa chikhomo choyambira chimene chalembedwa chizindikiro, mnzake amapita ndi mbali inayo ku ngodya ya nyumba, amadikira madzi adekhe, n'kulemba. Akatero ngodya zonse zinayi zimakhala ndi chizindikiro cha msinkhu umodzi. N'zosavuta kuzinena, koma wophunzira amalakwa kangapo asanazigwire. Mpweya ukatsalira m'paipi, madzi amanama. Chala chikatseka kukamwa kwa paipi, amanamanso. Mbali ina ikakhala padzuwa ina pamthunzi, madzi otentha amaima pamwamba pang'ono kuposa ozizira, ndipo dzuwa la ku Salima silichita masewera. Mmisiri wosamala amayamba wagundanitsa mbali ziwirizo kuti aone ngati madzi akufanana, kenako n'kuyamba ntchito.

Kenako pamabwera sikweya. Kuti ngodya ikhale yoongoka, amayeza mamita 3 pa chingwe china, mamita 4 pa chinzake, ndipo mpata wa pakati pa zizindikiro ziwirizo uyenera kukhala mamita 5 ndendende. Nyumba ya mamita 6 m'lifupi ndi 8 m'litali iyenera kupereka mamita 10 mukayeza mopingasa kuchokera ngodya ina kufika ina, mbali zonse ziwiri. Zikasiyana, musakumbe. Kulakwa kwa tsiku limeneli kumadzaonekera kwa kalipentala pokhoma denga, malata akukana kufanana, ndiponso kwa woyala matailosi, amene amadula zidutswa zosongoka m'mbali mwa khoma. Zingwe zimamangidwa pa timatabwa tokhomedwa patali pang'ono ndi ngalande ya maziko, kuti okumba asazule zizindikiro.

Makina amene ambiri amangowaonera patali m'misewu, aja oima pa miyendo itatu, pachingerezi amati dumpy level. Ntchito yake ndi yomweyi ya paipi, kungoti amafika patali ndipo amapereka manambala. Woyeza amaimika miyendo, amatembenuza tizitsulo ta pansi mpaka kathovu ka pamakinawo kakhale pakati, kenako amasuzumira n'kuwerenga ndodo ya manambala imene mnzake waimika. Tiyerekeze kuti chikhomo chodziwika chili pa mamita 478.000, ndipo pandodo yoimikidwa pamenepo wawerenga 1.250. Ndiye kuti diso la makina lili pa 479.250. Ndodo ikapita pamene pakhale khonde, iye n'kuwerenga 1.900, achotsere: malowo ali pa 477.350. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amasokonezeka, chifukwa nambala yaikulu pandodo imatanthauza kuti pansi m'potsika, osati pokwera. Akamaliza kuzungulira puloti ayenera kubwerera pa chikhomo choyamba chija. Ngati masamu sakumubwezera pa 478.000, kapena pafupi kwambiri ndi pamenepo, ntchito yonse ibwerezedwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wophunzira wothamangira kuweruka sachedwa kulemba nambala yabodza m'buku.

Gombe la Salima lili ndi mayeso akeake. Pamchenga miyendo ya makina imatitimira pang'onopang'ono munthu akamayenda pafupi, choncho iyenera kupondedwa zolimba ndipo kathovu kaziyang'anidwa kawirikawiri. Mu October, dzuwa likafika paliwombo, mpweya wotentha wochokera pansi umachititsa manambala a pandodo kuoneka ngati akuvina, n'chifukwa chake odziwa amayeza m'mamawa ndipo satalikitsa ndodo kupitirira mamita 30 kapena 40. Nyengo ya mwera ndodo imagwedezeka m'manja. Mukachoka kugombe kulowa kumtunda mumakumana ndi makande, dothi lakuda lija limene limafufuma mvula ikagwa n'kung'ambika m'chilimwe. Chikhomo chokhomedwa pamakande chikhoza kukwera kapena kutsika chokha, choncho chizindikiro choyambira chiikidwe pa konkire yozama kapena pa chinthu chimene sichisuntha.

Anthu a ku Salima ali ndi chifukwa chinanso chosamalira maziko. Pa 10 March 1989 chivomerezi chachikulu chidagwedeza bomali, chidapha anthu 9 ndipo pafupifupi 50,000 adasowa pokhala. Tili m'chigwa chimene nthaka yake imagwedezeka. Khoma lopendekeka, kapena maziko ozama mbali imodzi n'kukhala osaya mbali ina, ndizo zimayamba kugonja. Levulo yokha siiletsa chivomerezi, koma nyumba yoyamba mokhota ilibe podalira.

Ndiye pali madzi otayidwa. Paipi yochokera kuchimbudzi imafuna kutsetsereka koyenera, kawirikawiri mita imodzi pa mamita 40 alionse, kutanthauza masentimita awiri ndi theka pa mita. Ikachepa kutsetsereka, imatsekeka. Kufupi ndi nyanja madzi a pansi ali pafupi kwambiri, moti dzenje lokumbidwa mosaganizira msinkhu limasefukira m'dzinja. Amene akukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023, amene adavuta kwambiri m'maboma a m'mphepete mwa nyanja, sangaone zimenezi ngati nkhani yaing'ono.

Tisasokoneze zinthu ziwiri. Mmisiri wodziwa levulo si saveya. Kuika mabikoni a malire a puloti ndi ntchito ya saveya wovomerezeka pansi pa lamulo la Land Survey Act la 2016, ndipo maphunziro ake amachitikira ku sukulu za ukachenjede monga MUBAS ku Blantyre. Msinkhu weniweni wa malo umachokera ku zizindikiro za boma zimene nthambi ya Department of Surveys imasunga. Foni ya m'manja imatha kuonetsa msinkhu, inde, koma imaphonya ndi mamita angapo, pamene kugombe nkhani yagona pa masentimita. Choyenera n'chakuti saveya abweretse msinkhu wodalirika pa chikhomo chimodzi cha pa puloti, mmisiri autenge pamenepo n'kuufikitsa pa maziko, pa silabu ndi pa ngalande.

Kwa achinyamata, anyamata ndi atsikana omwe, lusoli ndi khomo la ntchito. Ntchito yopopa madzi kuchokera kunyanja ku Salima kupita ku Lilongwe, mzinda umene uli pamwamba kuposa nyanjayi ndi mamita oposa 500, yagona pa manambala a msinkhu. Misewu, milatho ndi ngalande za ulimi wothirira n'chimodzimodzi. Wogwira ndodo amene amamvetsa zimene zikulembedwa m'buku sakhalitsa pa ndodo.

Aphunzitsi a zomangamanga awatulutse ophunzira m'kalasi, akayeze gombe lenileni, aliyense agwire makina ndi manja ake. Mafolomani asabise tepi. Ndipo inu amene mwagula puloti ku Senga Bay kapena ku Chipoka, musanagule thumba loyamba la simenti, mufunseni mmisiri wanu kuti silabu ikhala pa mamita angati, ndipo akuonetseni chikhomo chimene wayambira kuyeza.