Tabuleti yotchipa: kodi mtengo amaudula pati?

Chiyambireni teremu ino makolo angapo atifunsa funso limodzimodzi. Mwana wa Fomu 3 kapena Fomu 4 akupempha tabuleti yoti aziwerengerapo manotsi ndi mapepala a mayeso a MSCE a zaka zapitazo, ndiye kodi zotchipa zija zadzaza m'mashopu a ku Limbe ndi m'tauni ya Blantyre n'zothandiza? Zina n'zothandizadi. Koma chipangizo sichitchipa pachokha. Wopanga amakhala atachotsapo kanthu, ndipo kawirikawiri amachotsa pamene diso la wogula silifika. Kunjaku zonse zimanyezimira mofanana.

Nkhaniyi si yachilendo. Mu Okutobala 2011 boma la India linatulutsa tabuleti yotchedwa Aakash, yopangidwa ndi kampani ya DataWind, ndipo linati ophunzira aziigula pa madola 35 okha. Anthu anaombera m'manja, koma madandaulo sanachedwe. Sikirini inkafuna kudinikizidwa mwamphamvu kuti imve chala, batire linkatha msanga, ndipo RAM yake ya 256MB inkachititsa kuti chilichonse chizitseguka mwaulesi. M'mbuyo mwake, mu 2005, bungwe la One Laptop per Child linalonjeza laputopu ya madola 100 ya ana a m'mayiko osauka, koma itayamba kupangidwa mu 2007 mtengo wake unali pafupifupi kuwirikiza kawiri. Ngakhale maboma ndi mabungwe akuluakulu amavutika kutsitsa mtengo popanda kutayapo kena kake.

Kuno kwathu tili ndi chitsanzo cha kudula mtengo mwanzeru. Kuyambira mu 2023, ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'masukulu ena a boma akuphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti kudzera mu ndondomeko ya BEFIT, pogwiritsa ntchito mapulogalamu a bungwe la onebillion omwe ali m'Chichewa. Matabuleti amenewa sadzitama ndi kamera. Amatchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa, maphunziro ali m'kati momwemo moti safuna intaneti, ndipo amavekedwa chikuto choti apirire m'manja mwa mwana. Ndalama inaikidwa pa ntchito imene chipangizocho chikukagwira. Kholo nalonso liyambire pamenepo: mwanayu akufuna kuwerenga, osati kujambula kanema.

Tiyambe ndi manambala awiri amene amasokoneza anthu kwambiri, chifukwa onse amathera ndi GB. Pabokosi mungaone 2GB ndi 32GB, kapena 4GB ndi 64GB. Nambala yaing'onoyo ndi RAM, yaikuluyo ndi malo osungira zinthu. RAM ili ngati desiki ya m'kalasi, pamene malo osungira ali ngati kabati ya mabuku. Kabati ikhoza kukhala yaikulu, koma ngati desiki ndi yaing'ono mumatsegula buku limodzi lokha, ndipo mukafuna lachiwiri loyambalo litsekedwe kaye. N'chifukwa chake tabuleti ya RAM yochepa imati mwana akachoka pa pepala la Biology kukaona tanthauzo la mawu, pobwerera apeza pepala lija latsekeka ndipo ayambirenso kufufuza tsamba. Pa 2GB chipangizo chimayenda bwinoko ngati chili ndi Android Go, mtundu wopepuka wa Android umene Google inatulutsa mu 2017 poganizira zipangizo zochepa mphamvu. Ife tinganene kuti 3GB ndiye poyambira, ndipo 4GB ndi pabwino ngati thumba lilola.

Apa pali kachenjerero kamene kafala masiku ano. Bokosi limalembedwa "4GB+4GB", wogulitsa n'kukuuzani kuti ndi 8GB. RAM yeniyeni ndi nambala yoyambayo. Yachiwiriyo ndi gawo la kabati lija limene chipangizo chimabwereka kuti likhale ngati desiki, ndipo limachedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM yeniyeni. Musalipire mtengo wa 8GB pa chinthu cha 4GB.

Malo osungira nawonso sakhala onse anu. Pa 32GB yolembedwayo, gawo lalikulu ndithu limakhala litatengedwa kale ndi Android ndi mapulogalamu obwera ndi chipangizocho. Manotsi ndi mapepala a PDF sadya malo ambiri. Chimene chimadzaza ndi makanema a m'magulu a WhatsApp, amene amadzisunga okha ngati simunawaletse. Choncho onani ngati pali polowetsa memole khadi. Khadiyo igulidwe pamalo odalirika, poti alipo makhadi olembedwa 64GB amene amayamba kuwononga zosungidwa akangodutsa pang'ono pokha.

Tsopano batire, limene kwa ife a ku Chemusa mwina ndi lofunika kuposa zonse. Magetsi akathima madzulo, tabuleti ndiyo buku, ndiyonso nyali. Kukula kwa batire kumalembedwa ndi mAh. Mafoni ambiri otchipa a masiku ano ali ndi 5000mAh, ndipo amatha tsiku lonse. Koma sikirini ya tabuleti ndi yaikulu ndipo imadya moto wochuluka, moti 5000mAh yomweyo pa tabuleti ya mainchesi 10 siikhalitsa ngati pa foni. Funsaninso za tchaja. Batire lalikulu lokhala ndi tchaja yofooka limatenga maola ambiri kuti lidzadze, ndipo kwa amene amakatchajitsa kumalo ometera tsitsi kapena kwa oyandikana nawo nyumba, amenewo ndi maola oti chipangizo chili m'manja mwa ena. Polowetsa tchaja pakhale pa mtundu wa USB-C, paja polowa mbali iliyonse. Pa mtundu wakale wa micro-USB pamaweyeseka msanga ana akamakakamiza chingwe chozondoka.

Sikirini amaiyeza mopingasa, kuchokera pa ngodya ina kufika pa ngodya yoyang'anana nayo. Mainchesi 8 ndi masentimita pafupifupi 20, ndipo mainchesi 10 ndi pafupifupi 25. Matabuleti otchipa ambiri ali ndi timadontho 1280 m'litali ndi 800 m'lifupi. Pa mainchesi 8 zilembo zimaoneka bwino, koma pa mainchesi 10 timadontho tomweto timatambasulidwa ndipo zilembo zing'onozing'ono za pa mapu kapena pa grafu zimayamba kuchita chimbuuzi. Yaikulu si yabwino nthawi zonse. Ya mainchesi 8 imalowanso m'chikwama osaonekera, zomwe aliyense wokwera minibasi ya ku Chirimba madzulo akudziwa ubwino wake. Za kamera tisatayepo nthawi: ikatha kujambula tsamba la buku zilembo n'kuwerengeka, yakwana.

Pali cholakwika chimodzi chimene chimapweteka kwambiri chifukwa chimadziwika munthu atafika kale kunyumba. Matabuleti ena alibe polowetsa simu khadi, amadalira Wi-Fi yokha, ndipo amatchipirapo pa chifukwa chomwecho. M'nyumba zathu zambiri mulibe Wi-Fi. Chipangizo chotere chimafuna kuti foni ya bambo kapena ya mayi izichigawira intaneti, ndiye eni foni akachoka basi. Ngati mukufuna cha simu, onetsetsani kuti chikugwira 4G ya TNM kapena Airtel. Chimodzimodzinso matabuleti a Amazon Fire amene achibale amatumiza kuchokera kunja: ndi olimba, koma sabwera ndi Play Store ya Google, ndipo kuika mapulogalamu ena amene anzake akugwiritsa ntchito kumafuna munthu wodziwa.

Nanga dzina la kampani lili ndi ntchito? Lili nayo, makamaka tsiku limene galasi lasweka. Itel, Tecno ndi Infinix, zonse za kampani imodzi ya ku China yotchedwa Transsion, n'zofala kuno moti okonza mafoni amazidziwa ndipo zipangizo zake zimapezeka mosavutirapo, monganso za Samsung. Tabuleti yopanda dzina lodziwika, yolembedwa manambala akuluakulu pa mtengo wodabwitsa, ikasweka sikirini ulendo wake watha. Zina mwa izo zimanamanso: pulogalamu ya m'kati imasinthidwa kuti izionetsa RAM ndi malo osungira amene mulibe. Kunena zoona, banja limene ndalama yake ikungokwana tabuleti yotere lingachite bwino kugula foni ya dzina lodziwika ya sikirini yaikuluko, ngakhale kuti kuwerenga pa foni kumatopetsa maso.

Mitengo ya m'makwacha sitiilemba muno chifukwa ingasinthe kalatayi isanafike kunyumba. Zipangizozi zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi madola. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo wamalonda amene akusowa madola ku banki amawapeza mokwera kuposa pamenepo. Onjezanipo misonkho ndi mayendedwe. Chimene tingalangize n'kufunsa mtengo wa chipangizo chomwecho m'mashopu atatu tsiku limodzi, ndi kuwerengera chikuto, galasi loteteza sikirini, memole khadi ndi bandulo ya mwezi uliwonse ngati mbali ya mtengowo.

Kugula kolipira pang'onopang'ono kwafalanso. Mumapereka ndalama yoyamba, kenako sabata iliyonse kapena mwezi uliwonse, ndipo mukaphonya chipangizo chimadzitseka chokha mpaka mutalipira. Musanasaine, chulukitsani ndalama yolipirayo ndi chiwerengero cha masabata kapena miyezi, muwonjezere yoyamba ija, muyerekeze ndi mtengo wolipira kamodzi. Kusiyana kwake kumakhala kwakukulu. Amene ali ndi nkhawa ngati mgwirizanowo uli ndi chiwongoladzanja apemphe pepala lake, akaonetse kwa a shehe asanavomere. Ganiziraninso ngati ndalama ingasowe mwezi wa mayeso, chipangizo n'kutsekeka manotsi onse ali m'katimo.

Zogwiritsidwapo kale ntchito, zochokera ku South Africa kapena ku Dubai, nthawi zina zimaposa zatsopano za mtengo womwewo, koma batire limakhala litatopa ndipo Android yake ikhoza kukhala yakale moti mapulogalamu ena amakana kulowa. Wogulitsa afufute zonse pamaso panu ndi kuyatsanso. Chikapempha akaunti ya Google ya mwini wakale, chisiyeni. Chogulitsidwa pamsewu mothamanga, chopanda bokosi kapena tchaja, chikhoza kukhala chakuba, ndipo kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu.

Tsiku logula pitani ndi mwanayo, simu khadi yokhala ndi bandulo, ndi pepala limodzi la mayeso la PDF lokhala ndi zithunzi. Ikani simuyo, tsegulani pepalalo, kulitsani chithunzi ndi zala, tsegulani WhatsApp, kenako bwererani muone ngati pepala lija likadali pa tsamba lomwelo. Lembani *#06# poimbira foni kuti nambala ya IMEI ioneke, ndipo ifanane ndi ya pabokosi. Nambala imeneyi ilembedwe pa lisiti pamodzi ndi miyezi ya chitsimikizo, chifukwa apolisi adzaifuna chipangizo chikabedwa, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene limamva madandaulo a ogula, lidzafuna umboni wakuti munagula pa shopu imeneyo.