Zobisika Pansi pa Doko

Ife a kwa Kapelula nyanja timaidziwira pa usipa wochokera ku Nkhotakota, koma doko lomwe sitima imakocheza tisalione ngati la eni nyanja okha. Sitima ya Ilala, yomwe idayamba kuyenda mu 1951, ikafika pa Nkhotakota imaima kutali, anthu ndi katundu n'kumatutidwa ndi mabwato. Ndiye mtengo wa doko lonyalanyazidwa umenewo.

Pa doko logwira ntchito, monga la Monkey Bay, chomwe ndimayang'ana ine si pamwamba poponda anthu. Nkhani ili kunsi, komwe kumadutsa mapaipi a madzi ndi mafuta ndi mawaya a magetsi. Dzimbiri limadya zitsulo, mafunde a mwera amagwedeza zomangira, ndipo nyanja ikasefukira ngati mu 2024, zomwe zinali pouma zimamira. Paipi ya dizilo ikabooka, oyamba kumva ndi nsomba.

Kukonza kwake n'kovuta chifukwa sitima siidikira. Amisiri amayala mapaipi atsopano akale akugwirabe ntchito, kenako n'kulumikiza chigawo chimodzichimodzi, mwera usanayambe. Aphungu athu azifunsa ndalama za ntchito yosaonekayi, osangothamangira kukadula riboni.