Mzere wa pachipatala cha ku Dzaleka

Kawirikawiri ndimamva anthu akudandaula kuti m'zipatala zathu mankhwala mulibe, chonsecho othawa kwawo akuthandizidwa ulere. Ululu wake ndikuumvetsa, koma chala chikuloza kolakwika.

Kampu ya Dzaleka ku Dowa inatsegulidwa mu 1994 pamalo pomwe kale panali ndende ya andale. Malowa anayenera kusunga anthu osaposa 12,000, koma lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku DR Congo, Burundi ndi Rwanda. Chipatala chaching'ono chapamenepo sichisankha. Tsiku la sikelo, mayi wa ku Congo amakhala benchi imodzi ndi mayi wa m'mudzi wapafupi, ana kumbuyo, timabuku takuchipatala m'manja. Matenda akakula, onse amatumizidwa kuchipatala cha boma cha Dowa kapena ku Kamuzu Central. Bungwe la UNHCR limathandizapo, koma thandizo lakunja likamaphwa, mtolo umatsalira Unduna wa Zaumoyo.

Undunawo ndi wosauka kale. Mu 2001 ku Abuja, mayiko a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Ife zaka zambiri sitifikapo, ndipo mbali yaikulu ya ndalama zaumoyo imachokerabe kwa abwenzi akunja.

Chimene sichinditsika ine ndi cha 2023, pomwe boma linabweza ku kampu othawa kwawo amene ankachita geni m'matauni. Munthu amene ankadzigulira yekha mankhwala tinamulanda sitolo, n'kumuimika pamzere womwewo wa ulere, pamalo othithikana pomwe kolera ikangobuka imafika msanga m'midzi yozungulira.