Mwana wa Autism Akamadzivulaza, Fufuzani Chimene Akupezapo

Ku Sizinda, komboni ya ku Bulawayo kumene kuli zidzukulu zambiri za Amalawi amene adapita kukagwira ntchito ya njanji, komanso ku Makokoba kapena ku Luveve, mwana amene amadziluma dzanja, kudzigunditsa mutu kukhoma kapena kukuwa osatonthola amadutsa m'njira imene aliyense akuidziwa. Poyamba amamutcha wamwano, ndipo amalawa mkwapulo. Zikakanika amapita naye kwa mneneri kapena kwa sing'anga, popeza achibale amakhala atayamba kale kunong'onezana za ufiti. Pamapeto pake wina amatchula Ingutsheni, chipatala chachikulu cha matenda a maganizo chimene chidatsegulidwa mu 1908, ndipo mayi wa mwanayo amangoti kukamwa yasa. Njira zonsezi zimagwirizana pa chinthu chimodzi: zimatenga khalidwe la mwanayo ngati chinthu chimene chamulowa, choyenera kuchotsedwa ndi ndodo, pemphero kapena jakisoni. Umboni umene wasonkhanitsidwa kwa zaka zoposa 40 ukuloza kwina. Mwana wa autism akamabwereza khalidwe lopweteka, nthawi zambiri ndi chifukwa chakuti khalidwelo limamubweretsera kanthu, ndipo silingathe mpaka atapeza njira ina yopezera kanthu komweko.

Amene adaonetsa izi momveka ndi Brian Iwata ndi anzake ku Baltimore, m'dziko la America, mu 1982. Adatenga ana 9 olumala m'kakulidwe amene ankadzivulaza, n'kumawaika m'chipinda kwa mphindi zochepa, uku akusinthasintha zochitika. Nthawi ina munthu wamkulu ankakhala phee akuwerenga, n'kumulankhula mwanayo pokhapokha akadzimenya. Nthawi ina ankamupatsa ntchito yovuta n'kuichotsa akangodzimenya. Nthawi inanso ankamusiya yekha popanda choseweretsa. Ana ambiri adapezeka kuti amadzivulaza kwambiri pa chochitika chimodzi kuposa zinazo, ndipo chochitikacho chinkasiyana mwana ndi mwana. Pofika 1994 gululi linali litayeza anthu 152. Mwa 100 aliwonse, pafupifupi 38 ankadzivulaza pothawa chinthu chimene sakuchifuna, 26 pofuna kuti wina awasamale kapena awapatse chinthu, ndipo 26 ena chifukwa cha mmene thupi lawo limamvera akatero. Si onse amene anali ndi autism, koma phunziro lake lidakhala maziko a chithandizo cha ana a autism mpaka lero: ana awiri angathe kudziluma mofanana ndendende pa zifukwa zosiyana kotheratu, choncho mankhwala a wina akhoza kukhala chiphe kwa mnzake.

Kufufuza kotereku sikufuna makina. Kope la sukulu ndi lokwanira, tsamba lake mutaligawa patatu: chimene chinachitika mwana asanayambe, chimene mwanayo wachita, ndi chimene anthu achita pambuyo pake. Taganizirani mnyamata wa zaka 5 amene salankhula. Madzi ku Bulawayo amabwera mwa apo ndi apo, ndiye tsiku limene mpopi watuluka mayi amamunyamula mwadzidzidzi pakati pa masewera, kumuvula ndi kumuika m'bafa la madzi ozizira. Iye amadziluma pamkono mpaka mano kudinda, mayi amachita mantha, amamutulutsa n'kumufunditsa thaulo. Zikalembedwa choncho kwa sabata ziwiri, tsambalo limaulula zimene m'nyumbamo palibe amene adaziona: kudziluma ndi njira yokhayo imene yakhala ikumutulutsa m'madzi, ndipo sinalepherepo. Apa m'pamenenso mkwapulo umaonekera kupanda nzeru kwake. Mwana amene akuthawa kusamba akamenyedwa n'kukankhidwira kuchipinda, wapezabe chimene ankafuna. Amene ankafuna kuti mayi asiye foni n'kumuyang'ana, kukalipiridwa kwamupatsa zomwezo. Ndodo imatontholetsa lero, koma mawa khalidwe lija limabwera litakula.

Chifukwa chikadziwika, ntchito imakhala iwiri. Yoyamba ndi kukonza zimene zimayambitsa: kufunditsako madzi, kumuonetsa mwana thaulo ndi sopo nthawi isanakwane kuti adziwe chikubwera, kufupikitsa kusambako. Yachiwiri, imene Edward Carr ndi Mark Durand adaifotokoza mu 1985, ndi kumuphunzitsa njira yopemphera chimene ankachipeza podzivulaza. Ngati salankhula, akhoza kukweza dzanja kapena kupereka kakhadi ka chithunzi, ngakhale kodulidwa pa katoni ya sopo. Chofunika n'chakuti njira yatsopanoyi ikhale yosavuta kuposa kudziluma, ndipo poyamba iziyankhidwa nthawi yomweyo, ulendo uliwonse. Pano agogo ambiri amakwenya nkhope: kodi uku si kumusasatitsa mwana, kumutulutsa m'madzi chifukwa wakweza kadzanja? Funsoli ndi lanzeru, koma likuiwala kuti mwanayo amatuluka kale m'madzi, kungoti amalipira ndi magazi. Akazolowera kupempha, m'pamene mumayamba kumudikiritsa pang'onopang'ono, lero masekondi 5, sabata yamawa mpaka atasambitsidwa kumsana. Makolo ayeneranso kuchenjezedwa kuti khalidwe lakale likasiya kugwira ntchito, kawirikawiri limayamba lakula kaye lisanazilale. Ambiri amagwa ulesi pamenepa, n'kugonja pa tsiku limene mwana walusa kwambiri, ndipo potero amamuphunzitsa kuti kulusa kwambiri n'kumene kumathandiza. N'chifukwa chake bambo, agogo, mtsikana wantchito ndi aphunzitsi ayenera kupanga chimodzi.

Chitsutso cholemera kwambiri ndi cha ndalama. Njira zotere zosinthira khalidwe zimatchedwa ABA, ndipo zidatchuka mu 1987 pamene Ivar Lovaas wa ku Los Angeles adalengeza zotsatira za ana 19 amene ankaphunzitsidwa maola 40 pa sabata, ndipo banja la ku Bulawayo limene likuvutika kupeza ndalama ya kombi yopita kuchipatala cha Mpilo silingalote za maola amenewo. Sukulu za bungwe la Zimcare Trust, monga Sibantubanye ndi Sir Humphrey Gibbs, sizingalandire mwana aliyense, makamaka tikakumbukira kuti bungwe la WHO lidanenapo kuti pafupifupi mwana 1 mwa ana 100 ali ndi autism. Koma kuchepetsa khalidwe lovuta sikudalira maola 40. Mu 2015 Karen Bearss ndi anzake adafalitsa m'magazini ya zachipatala ya JAMA kafukufuku wa ana 180 a zaka 3 mpaka 7. Makolo ena adaphunzitsidwa njira zimene tafotokozazi, ena adangophunzitsidwa za autism basi. Patatha sabata 24, madokotala amene sankadziwa gulu la mwana aliyense adapeza kusintha kooneka mwa ana pafupifupi 69 pa 100 a gulu loyamba, poyerekeza ndi 40 pa 100 a gulu lachiwiri. Amene adagwira ntchitoyo ndi makolo, m'nyumba zawo. Kafukufukuyu adachitikira ku America, inde, koma dziko la Zimbabwe siliyenera kudabwa ndi mfundo yake, chifukwa ndi ku Mbare, mu Harare, kumene Dixon Chibanda adayambitsa Friendship Bench, kuphunzitsa agogo aakazi kuthandiza anthu ovutika maganizo atakhala pabenchi panja pa chipatala. Bungwe la WHO lilinso ndi maphunziro a osamalira ana ochedwa kukula, okonzedwa kuti aziperekedwa ndi anthu amene si akatswiri.

Pali chitsutso china chimene sichiyenera kukankhidwira kumbali, chochokera kwa akuluakulu a autism eni ake. Ambiri mwa iwo amati njirazi zidawaphunzitsa kumvera mwachimbulimbuli ndi kubisa chimene ali. Mbiri ikuwaikira kumbuyo: m'zaka za m'ma 1960 Lovaas yemweyo ankagwiritsa ntchito mbama ndi shoko ya magetsi pa ana. Dandaulo lawo likutikakamiza kufunsa kuti khalidwe limene tikufuna kusintha likuvutitsa ndani. Mwana amene amakupiza manja akasangalala, amene amagwedezeka akakhala pansi kapena amene sayang'ana munthu m'maso savulaza aliyense, ndipo kumuletsa chifukwa cha manyazi a makolo kutchalitchi ndi nkhanza chabe. Amene amatseka makutu n'kugwa pansi pa phokoso la makombi m'tauni sakuchita matama, phokosolo likumupweteka, ndipo chofunika ndi kumuchotsapo kapena kumutchinga makutu. Koma mwana amene akudzimenya m'diso kapena kuthamangira mumsewu ali pangozi, ndipo kumusiya poti tikumulemekeza n'kumutaya. Njira yophunzitsa kupempha imayankha bwino dandauloli, chifukwa mawu oyamba amene imapatsa mwana nthawi zambiri amakhala akuti ayi.

Nanga mankhwala? Risperidone adavomerezedwa ku America mu 2006 pochepetsa kulusa kwa ana a autism, ndipo amathandizadi ena, koma amanenepetsa msanga, amagonetsa, ndipo saphunzitsa mwana kanthu. Malangizo a bungwe la NICE ku Britain a mu 2013 amati mankhwala otere abwere pokhapokha njira za khalidwe zitalephera kapena ngozi itakula, ndipo amalangiza kuti choyamba afufuze ululu m'thupi. Mwana wosalankhula amene wayamba mwadzidzidzi kudzimenya patsaya mwina dzino lake labooka, khutu likutukusira kapena wadzimbidwa, ndipo ena mwa ana a autism amadwalanso khunyu. Choncho musanayambe china chilichonse, pitani naye kukiliniki akamuone mano, makutu ndi m'mimba, ndipo kope lija mulitenge, chifukwa namwino amene ali ndi mphindi 10 zokha angathandize kwambiri ataona masamba a sabata ziwiri kusiyana n'kungomva kuti mwanayu ndi wovuta.