Injini yozima yokha: phindu lake n'lochepa ku Minga

Galimoto zambiri zakale zochokera ku Japan, zimene zimalowa m'Zambia kudzera pa Nakonde, zimadabwitsa eni ake atsopano. Mukaponda buleki n'kuima, injini imazima. Mukachotsa phazi, imaliranso yokha. Sikuti yawonongeka. Anaipanga dala kuti isamamwe petulo ndi kufuka utsi ili chiimire. Kampani ya Mazda inayamba kuika makina otere, otchedwa i-stop, mu 2009, ndipo ofanana nawo amapezekanso mu Honda Fit, Toyota Vitz ndi Nissan Note zina.

Pa Cairo Road ku Lusaka, pomwe maloboti ndi mdipiti wa galimoto zimakuimitsa kawirikawiri, nzeruyi imathandiza. Bungwe la AAA la ku America litayesa mu 2014 linapeza kuti mafuta amapulumuka ndi 5 mpaka 7 peresenti. Nanga wochoka ku Minga kupita ku Petauke kapena ku Nyimba pa Great East Road amaima kangati? Mwina pamene apolisi atchinga msewu, mwina pogula nthochi. Petulo wopulumuka pamenepo ndi madontho chabe.

Chimene chimavutika ndi batire. Injini ikazima, nyali, wailesi ndi fani zimadya moto wake, kenako sitata nayo imafuna moto wambiri kuti idzutse injini. N'chifukwa chake galimotozi zimafuna batire lapadera la EFB kapena AGM, lolembedwa M-42, Q-85 ndi zina zotero, lokwera mtengo kuposa batire wamba. Mwini galimoto akaika wamba pofuna kusunga ndalama, limafooka msanga. Kutentha kwa Okutobala kumbali ya chigwa cha Luangwa kumakalambitsa batire lililonse, ndipo maulendo afupiafupi sapereka mpata woti lidzaze. Ine nkhawa yanga ili pa takisi imene mudzi wonse umadalira usiku kuthamangitsira mayi woyembekezera ku chipatala cha Minga Mission. Galimoto yotero ikakana kulira pakhomo, amene ali pa ngozi ndi mayi ndi mwana.

Zina n'zazing'ono koma zimasautsa. M'galimoto zambiri makina oziziritsa mpweya amayendetsedwa ndi lamba wa injini, choncho ikazima masana m'kati mumayamba kutentha. Ndipo polowa mumsewu waukulu, malole akubwera mothamanga kuchokera ku Chipata, kamphindi koti injini idzuke kamamveka katali.

Ngakhale ku Japan ena ayamba kubwerera m'mbuyo: mu 2020 Toyota inatulutsa Yaris ya petulo yopanda makinawa.

Amene ali kale ndi galimoto yotere afunefune batani lokhala ndi chilembo A chozunguliridwa ndi muvi, kapena lolembedwa i-stop OFF. Likadinidwa injini imasiya kuzimazima, koma pa galimoto zambiri muyenera kulidina nthawi iliyonse mukailiza. Ogula galimoto yatsopano kwa iwo atsegule boneti, awerenge nambala ya batire, afunse mtengo wake ku Petauke asanapereke ndalama.